Ketulo ya Lalla Tamou

M'mudzi monse munalibe mkazi waukhondo kuposa Lalla Tamou, ndipo eni akewo sankadikira kuti wina awayamikire, ankanena okha. Ankatsuka mbale zotsuka kale. Mlendo akatsanzika, asanafike n'kuchipata komwe, ankamva tsache likulira kumbuyo kwake pamene anapondapo.

Tsono pa nkhani ya madzi ndiye panalibe wowauza. Chitsime chawo chinali pabwalo pomwepo, mapazi khumi kuchokera pamene pankathera mizere ya sitiroberi ya amuna awo, Si Allal. Madzi ake anali oyera mbee, ozizira mpaka kupweteka mano. Pamene mpope unaikidwa pafupi ndi sukulu, azimayi ena analuluta, koma Lalla Tamou analawa kamodzi n'kulavula. Anati amenewo si madzi koma mankhwala ochapira, ndipo tiyi wake angamwe ndi munthu amene lilime lake linafa.

Ngakhale ankachinyadira chitsimecho, khanda sankalipatsa madzi ake osawiritsa. Mwana wawo woyamba anamwalira ndi matenda otsekula m'mimba ali ndi miyezi inayi, zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, ndipo namwino wa nthawiyo anangowauza mawu awiri: wiritsani madzi. Lalla Tamou anawatenga mawuwo n'kuwawonjezera. Ngati kuwiritsa kumapha tizilombo, ndiye kuti kuwiritsa kwambiri kumapha tambiri. Lamulo lawo linali lakuti madzi a mwana aziwira mpaka ketulo itafika theka. Ketulo yakeyo, yaikulu yamkuwa, sinkachoka pambaula kuyambira m'mawa, ndipo sankaikhuthula. Madzi akatsika ankangothira ena pamwamba pa otsalawo, poti kutaya madzi owira kale n'kuseweretsa makala.

Mdzukulu wawo Younes atabadwa, ketuloyo inapeza ntchito. Bambo a mwanayo, mwana wawo wamwamuna, ankayendetsa lole ya zipatso mpaka kudoko, ndipo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Mayi ake, Hafida, atangotha masiku makumi anayi a chikuta, anabwerera ku shedi yopakira sitiroberi, kumene minibasi inkapita naye dzuwa lisanatuluke n'kumubweza likulowa. Bere linayamba kuuma. Mwana anagwera pa mkaka wa m'chitini ndi pa tiyi wa masamba a luwiza, amene khanda lililonse kwathu kuno limamwetsedwa kuti m'mimba musamalume. Mabotolo a masana ankapanga Lalla Tamou. Hafida ankapanga la m'bandakucha, a madzulo, ndi a tsiku lonse la Lamlungu.

Mwana ali ndi miyezi iwiri ndi theka, Lalla Tamou anaona chinthu chimene sichinawasangalatse. Milomo ya Younes inali itathimbirira ngati khungu la biringanya, ndipo tizikhadabo take tinali chimodzimodzi. Ankayamwa pang'ono n'kusiya, ngati munthu wotopa.

Si Allal analowa kudzamwa tiyi wawo wa mamawa, manja ali mbuu ndi feteleza.

"Sambani kaye, kenako mubwere muone milomo ya mwanayu," anatero Lalla Tamou.

Bambowo anasamba, nasuzumira. "Yatani? Ndi iwiri, ngati ya aliyense."

"Ndikunena mtundu wake, bambo inu! Maso amenewo mumangoonera mitengo ya zipatso basi?"

"Ndi chisanu chimenecho. Mufunditseni."

"Chisanu? Ali m'mabulangete atatu, thukuta lili kamukamu, inu mukuti chisanu?"

"Ndiye muchotseni limodzi," anatero Si Allal, n'kudzithirira tiyi.

Mbarka wa kuseri kwa mpanda, amene makutu ake amadutsa khoma lililonse, anafika ndi maganizo ake. Anati limenelo ndi diso loipa, mwana wonenepa chotere anthu sangamusiye, ndipo anali atanyamula kale zofukiza m'kapepala. Lalla Tamou anamulola kufukiza kuti achoke msanga. Diso loipa sankalikana, liripo, koma ankadziwa kuti mwana sadwala ndi diso pamene pali wina amene akuchita ulesi. Ndipo waulesiyo anali atamudziwa kale.

Madzulo Hafida atangotsika minibasi, asanavule n'komwe nsapato, anapeza apongozi ake ataima pakhomo la khitchini.

"Madzi a botolo la m'mawa unawiritsa nthawi yaitali bwanji?"

"Anawira, Lalla."

"Sindinafunse ngati anawira. Ngakhale wamisala amadziwa kuwiritsa madzi. Ndikuti anatsika mpaka pati?"

Hafida anayang'ana pansi, namakanda chala chake chofiira ndi zipatso.

"Ndimadziwa ine! Ine masana onse ndikupsa nkhope pambaula, iwe ukubwera kudzagumula zonse ndi timadzi tako tofunda. Taona milomo ya mwana wakoyo. Ana a masiku ano mumathamangira chiyani kodi? Kubereka mumathamanga, kuphika mumathamanga, kuwiritsa madzi nakonso mukufuna kuthamange?"

"Minibasi siyidikira, Lalla."

"Ndiye mwana adikire minibasi?"

Hafida anangotenga mwana wake n'kulowa naye kuchipinda, ndipo kuchokako kunawapsetsa mtima Lalla Tamou kuposa mwano.

Lamlungu lotsatira anathana nayo nkhaniyo. Anatulutsa fulasiki yaikulu imene inkangogwira ntchito pa maukwati, naiika patsogolo pa mtengwa wawoyo. Kuyambira tsiku limenelo, anatero, dontho lililonse lolowa m'kamwa mwa Younes lizichokera m'fulasikimo, ndipo wodzaza fulasikiyo akhala iwo. Lamulo la theka analisinthanso. Poti mwana sanali kupeza bwino, madzi tsopano ankawira mpaka kutsala a pansi okha. Makala a mwezi wonse anatha m'masiku atatu, khitchini ili tolo ndi nthunzi, makoma akuchucha thukuta. Lalla Tamou ankagona msana ukuwawa koma mtima uli m'malo, poti tsopano zonse zinali m'manja mwawo.

Lolemba mtundu uja unafika m'masaya. Lachiwiri mwana anasanza luwiza. Lachitatu anagona tsiku lonse, ndipo Si Allal anati zikuoneka kuti wayamba kuchira, poti wasiya kusokosa.

Lachinayi itatha swala, pemphero la masana, Lalla Tamou anapita ndi botolo kukamudzutsa. Younes sanalire, sanatsegulenso pakamwa. Atamunyamula, mutu unagwera kumbuyo, manja ali lende. Nkhope yonse inali yabuluu, kachifuwa kakukwera n'kutsika mofulumira. Mantha amene anawagwira anali omwe aja a zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, ndipo anawazindikira nthawi yomweyo.

Anathamangira kumunda opanda nsapato. Si Allal anali pa thanki yothiririra, akukhuthulira thumba la feteleza m'madzi opita ku mapaipi.

"Lizani njinga yanu ija! Kuchipatala!"

"Ndimalize kaye thumbali, latsala pang'ono. Ndikalisiya lotsegula likoka chinyezi."

"Ligwireninso thumbalo muone ngati sindikuponyerani m'thankimo inuyo! Tayang'anani mwanayu!"

Si Allal anayang'ana, ndipo thumba linagwa lokha.

Njinga yamoto ya matayala atatu ija inapangidwira makireti a zipatso, osati anthu. Lalla Tamou anakhala kumbuyo pakati pa makireti opanda kanthu, mwana ali pachifuwa, akukalipa njira yonse. Pa msewu wosalala ankati athamange, kodi akuperekeza mkwatibwi? Pa maenje ankati pang'onopang'ono, kodi akufuna kumumaliza mwanayo?

"Sankhanipo chimodzi, mkazi inu!" anakuwa Si Allal osacheuka.

"Zonse ziwiri! Yendetsani!"

Kuchipatala cha m'tauni mzere unali wautali mpaka panja, koma namwino wina atangoona nkhope ya Younes anamutsomphola n'kuthamanga naye. Lalla Tamou anamutsatira mpaka m'chipinda mmene munali kamtsikana koonda kovala magalasi, ka msinkhu wa Hafida.

"Mwana iwe, kaitane dokotala!"

"Ndine ndemwe, Haja," kanatero kamtsikanako, kakuwatchula dzina laulemu la amayi achikulire. "Khalani apo."

Abale, dziko lapita pati? Lalla Tamou sanakhale. Anaima pamutu pa bedi, akuyang'anitsitsa chilichonse chimene kadokotalako kankachita. Anamuika mwana kachipangizo ka mpweya pamphuno, koma mtundu sunasinthe. Anamutenga magazi pamkono, ndipo magaziwo sanatuluke ofiira. Anali abulauni ngati chokoleti. Dokotala anawayang'ana pa kuwala kwa zenera, kenako anatembenuka.

"Amayamwa bere?"

"Wa m'chitini. Mayi ake amagwira ntchito, poti masiku ano..."

"Madzi osungunulira mkakawo mumatunga kuti?"

"Pachitsime changa. Ndipo musayambe zoti ndi akuda. Mukhoza kuona singano pansi pake."

"Chili pafupi ndi munda?"

"Mahekitala awiri a sitiroberi, abwino kuposa onse m'dera lathu," anayankha Si Allal ali pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Palibe wakufunsani inu," anatero Lalla Tamou. "Madziwo ndimawiritsa, mwana wanga. Lemba zimenezo."

"Mumawiritsa nthawi yaitali bwanji?"

Lalla Tamou anawongola msana. Funso limeneli analidikira moyo wawo wonse, kuti tsiku lina munthu wophunzira adzawafunse pamaso pa anthu.

"Kale ndinkawiritsa mpaka atsale theka. Sabata ino, poona kuti mwana sakupeza bwino, mpaka atsale a pansi okha. Ketulo yake sindiikhuthula, ndimangothira ena pamwamba. Kachilombo kolowa mmenemo katuluka katapsa kasanu."

Anadikira kuyamikiridwa. Dokotala anavula magalasi, natsinzina kanthawi, kenako analankhula mofulumira kwa namwino. Namwinoyo anabwera ndi kabotolo ka mankhwala, nawakokera mu jakisoni. Mankhwalawo anali abuluu ngati inki.

"Aaa, ayi! Imani kaye!" Lalla Tamou anatambasula mkono pamwamba pa mdzukulu wawo. "Mwana wasanduka buluu, inu mukufuna kumuthiranso buluu? Munaphunzira kuti zimenezi? Si Allal, mwangoima pamenepo ngati mzati, simukuona?"

"Haja," anatero dokotala, mawu ake ali otsika koma olimba, "chotsani mkonowo. Mukandichedwetsa mphindi zina khumi, sindikulonjezani kanthu."

Mkono unachoka. Mankhwala analowa pang'onopang'ono mu mtsempha, ndipo panalibenso chochita koma kudikira. Dokotala anakoka mpando nakhala moyang'anizana nawo.

"Ndikufunseni za kukhitchini. Msuzi wa harira mukauiwala pamoto mpaka kutsala theka, mchere umachepa kapena umachuluka?"

"Funso lachibwana limenelo. Umachuluka. Chimatuluka ndi nthunzi, mchere sutuluka."

"Ndi zimene zachitika m'ketulo yanu. Tidzayeza madzi a pachitsimepo kuti titsimikize, koma magazi awa andiuza kale. M'madzi mwanu muli mchere wochokera ku feteleza, ife timautcha nayitireti. Suoneka, sununkha, sumveka pa lilime. Tizilombo mumapha ndithu, Haja, mphindi imodzi yokha imakwana. Koma mchere umenewu sufa ndi moto. Mukamawiritsa, madzi amathawa, iwo umatsala, ndipo mukathira ena pamwamba mukuwonjezera wina. Ine ndi inu magazi athu amalimbana nawo. A khanda sangathe, amasiya kunyamula mpweya. Mwanayu akupuma, koma mpweyawo sukufika m'thupi."

"Bodza!" Mawuwo anatuluka okha. "Ana atatu ndalera ndi chitsime chomwecho, onse ndi zimphona."

"Ankayamwa bere?"

"Mpaka zaka ziwiri."

"Nanga m'mundamo munali chiyani nthawi imeneyo?"

"Tirigu ndi nyemba," anatero Si Allal. Kenako, poona kuti nkhani yayamba kuloza kwa iwo, anayandikira. "Koma adokotala, feteleza sindithira pachitsime ine. Ndimathira m'munda. Ndipo mchenga wathu susunga kanthu, ukathira lero, ukathirira mawa, wapita. N'chifukwa chake timathira sabata iliyonse. Funsani aliyense."

"Akapita amapita kuti, bambo?"

"Pansi."

"Pansipo pali chiyani?"

Si Allal anayang'ana chipewa chawo kwa nthawi yaitali, kenako anati akaimbire foni ku shedi kuti Hafida abwere, natuluka mwakachetechete.

Lalla Tamou anatsala atakhala, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kumunda. Mtima unkawira, koma anasowa womukalipira. Anayesa namwino uja wa kalekale: bwanji sananene kuti kuwiritsa kuli ndi malire? Anayesa amuna awo ndi matumba awo, anayesa ogula sitiroberi a kutsidya la nyanja amene amafuna chipatso chachikulu ngati dzira. Koma chimene chinawanyansa koposa chinali litsiro lakelo. Litsiro lanji losaoneka, losanunkha, lokhala m'madzi oyera? Mkazi angalimbane nalo bwanji? Akadakhala matope akadasefa, zikadakhala nyongolotsi akadaziona. Izi zinali zachinyengo basi. Ndipo pansi pa mkwiyo wonsewo panali chinthu chimene sankafuna kuchiyang'ana: masiku anayi aja a fulasiki, pamene ankagona mtima uli m'malo.

Anayang'ana milomo ya mwana mpaka maso kuwawa. Kwa theka la ola sanaone kusintha kulikonse, ndipo anali atakonza kale mawu oti amuuze dokotala za inki yakeyo. Kenako m'mphepete mwa mlomo wapansi munaoneka kufiira pang'ono. Kunafalikira m'masaya, kunafika m'makutu. Younes anakwinya nkhope, anakunga tizibakera, n'kulira. Kunali kulira konyansa, kwaukali, kwa munthu wanjala, ndipo Lalla Tamou sanamvepo nyimbo yokoma chotero.

"Wabwerera," anatero dokotala. "Agona kuno masiku awiri kuti timuone. Koma mukanafika madzulo, bwenzi tikukamba zina."

Posakhalitsa Hafida analowa akuthamanga, epuloni ya ku shedi idakali m'thupi, kaneti ka tsitsi kali pamwamba pa mpango. Anagwira mwana wake kumaso, kumanja, kumapazi, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo. Kenako anatembenuka, nagwada pamaso pa apongozi ake, n'kugwira dzanja lawo ndi manja onse awiri.

"Lalla, ndikhululukireni. Ndamudwalitsa ndine."

"Ukuti chiyani iwe?"

"Munkanena zoona. Madzi a m'ketulo yanu sindinkawagwiritsa ntchito. Amachedwa kuzizira, ndipo ine m'mawa nthawi ndilibe. Ndinkatunga pampope wa ku shedi m'botolo lalikulu, n'kubisa m'chikwama. Ndinkangowawiritsa kamodzi pakagasi kanga kuchipinda, akangoti bwatabwata ndaphula. Masabata onsewa, Lalla, m'mawa, madzulo, Lamlungu lonse, mwana ndinkamupatsa madzi a pampope aja mumadana nawo." Misozi inkagwera pa dzanja la Lalla Tamou. "Koma ndinasiya, ndikulumbira pamaso pa Mulungu! Kuyambira tsiku la fulasiki sindinachitenso. Ndinakumverani. Kungoti ndinachedwa."

Dokotala anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma Lalla Tamou anakweza dzanja linalo kumuletsa.

Zinali zosavuta. Akanangoti dzuka, ndakukhululukira, usadzachitenso, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo dzina lawo likanatsala loyera m'mudzi monse. Mtsikanayo anali atasenza kale mlanduwo yekha, popanda womukakamiza. Lalla Tamou anayang'ana mutu woweramawo, ndipo anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Ngakhale pamenepo mtima unawapsa, poti mwana wopusayu ankapepesa chinthu chokhacho chanzeru chimene chinachitika m'nyumba mwawo.

"Dzuka, iwe. Dzuka, ndati! Wandimvera masiku angati?"

"Anayi, Lalla."

"Anayi okha, ndipo taona pamene tafika." Anayang'ana Younes pabedipo, napitiriza. "Ukanandimvera kuyambira pachiyambi, bwenzi pano tikuchokera kumanda."

Hafida anadzutsa mutu, osamvetsa. Anayang'ana dokotala, ndipo dokotala anagwedeza mutu kuvomereza.

"Ndi chitsime changa," anatero Lalla Tamou. "Ndi ketulo yanga, ndi manja angawa. Madzi ako akubawo ndi amene ankamupumitsa mwanayu, ine n'kukulanda. Adokotala akufotokozera bwino, ine pakamwa pandiuma. Koma usandigwadirenso. Wamva? Usadzandigwadirenso."

Younes anali akulirabe, tsopano mokweza, nkhope ili psuu. Namwino analowa ndi botolo la mkaka wofunda. Poti amene anabwera ndi mwanayo anali agogo, ndipo ndi amene anali pafupi ndi bedi, anawapatsira iwo.

Lalla Tamou analiyang'ana botololo, nabweza manja onse awiri kumbuyo.

"Mpatseni mayi ake," anatero.